Zigubu za Ba Miyoba

Dambwa North,
Livingstone.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi apongozi anu a Justina. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Mwezi uno mipopi ya m'komboni mwathu yauma. Magetsi akathima, madzi nawonso sabwera. Koma kwa ba Muyangwa, kumene ndimasamalira maluwa, ali ndi chitsime chawochawo cha sola, ndipo kapinga ndimathirira m'mawa ndi madzulo.

Mukuwakumbukira ba Miyoba, aneba athu amene anakufululirani chibwantu, thobwa la kuno lija, mutabwera kuno? Sabata yatha anafika pageti la kuntchito kwanga ndi zigubu ziwiri, ine paipi ili m'manja, madzi akungotayikira pansi. Ndinalowa kukawapemphera kwa abwana. Iwo anati nyumba yawo si khonsolo, msonkho amalipira kale, ofuna madzi akafunse boma. Chonsecho ndimawamva akuseka ndi anzawo kuti malole awo analembetsa m'maina a abale kuti msonkhowo uzichepa.

Ba Miyoba sanakwiye. Anandithokoza, anati ndisadziike m'mavuto chifukwa cha iwo, n'kulowera kumtsinje wa Maramba. Ng'ona inawagwira akutunga. Tinawaika Lachiwiri.

Pamaliro abwana anatumiza thumba la ufa pamodzi ndi munthu wojambula zithunzi. Ine chakudya cha pamenepo sindinadye. Munkatiphunzitsa kuti kupatsa n'kuika, koma kuno olemera amaika kubanki basi.

Amayi, kuyambira tsiku limenelo, ndikangotsegula mpopi ndimamva zigubu zikugundana kuseri kwa geti. Masanasana, dzuwa likuswa mtengo. Ndikapita kukasuzumira ndimapeza kulibe munthu. A Justina akuti ndi maganizo chabe, abusa anandipempherera, koma dzulo ndinazimvanso. Ntchito sindingaisiye, ana adya chiyani? Ndiye ndimangothirirabe kapingayo, ali biriwiri ngati kuli dzinja.

Pempho langa ndi limodzi. Mdzukulu wanu Hope ndiye amatitungira madzi, ndipo anzake ayambanso kutsikira kumtsinje komwe kuja, poti kulibe kwina. Mundilole ndimutumize kwa inu sukulu ikatsekera, akapitirizire maphunziro kumeneko ku Katete. Adzalira, ifenso tidzalira, koma bola ndizimusowa ali moyo.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali, kwa achemwali ndi alamu, osaiwala adzukulu anu onse. Muzitikumbukira m'mapemphero.

Tsalani bwino Amayi,

Ine mwana wanu,
Bornwell