Mabawuti Amene Kunalibe

Ababa, kaya mukukhalako bwanji kumeneko? Kuno ku Joni kwazizira. Papita masabata asanu chikuikireni m'manda, koma dzanja limapitabe pa nambala yanu.

Kumudzi mlongo wanga Esnati wabereka mwana wamwamuna, amutcha dzina lanu. Chimanga munabzala chija amalume akolola ngolo ziwiri, ngakhale anankafumbwe ayamba kale.

Ndili ndi mlandu kwa inu. Mukukumbukira habu ya njinga ya magiya atatu imene munanditsegulira pa chiguduli kuseri kwa msika wa Balaka? Giya limodzi pakati, ena ang'onoang'ono akulizungulira, onse ali m'kati mwa mkombero wa mano. Munkati ndi thadzi ndi anapiye ake m'khola. Ndi zomwezo ndimajambula ku fakitale ya ku Kya Sand, kungoti zathu zimayendetsa malamba onyamula katundu.

Chaka chatha abwana anafuna bokosi la magiya lotchipa. Ndinajambula kuti mapini a anapiye aja awotchereredwe, chivundikiro chimatidwe. Bering'i imodzi ikatha, bokosi lonse n'kukataya kudzala. Nditakutumizirani chithunzi pa foni, muli kale m'chipatala, munangofunsa kuti, "Nanga wokonza alowera pati?" Ndinati kuseri kuli mabawuti. Kunalibe, ababa. Amayi akuti munaonetsa wodi yonse chithunzicho, n'kumati mwana wanu saiwala amakaniko. Ndinachedwanso kunyamuka chifukwa choyesa bokosi lomwelo, uthenga wa maliro n'kundipeza basi isanafike pa Mwanza.

Ndalijambulanso. Pini iliyonse tsopano ikusoloka payokha, bering'i ikusinthika osagwetsa zina zonse, ndipo pothirira mafuta ndaika pamene dzanja lifika. Lolemba ndikaonetsa abwana. Mnzanga Yusufu wa ku Mangochi, amene amawotcherera, akuti ndapenga, poti chilolezo changa chokhalira kuno chimadalira ntchitoyi, ndipo abwana sakonda kubwezedwa mawu. Mantha ndili nawo. Koma inu munkati chosatsegulika si chako, wangobwereka.

Pobwerera kuno amayi anandipatsa sipanala yanu ya 13, yopindika pang'ono ija. Mabawuti onse a pa chivundikiro ndasankha oti ikwane. Dzulo ndinayesa pa limodzi, inagwira.

Lolemba ndipita nayo m'thumba. Sindidzasainanso chojambula chimene sipanala yanuyi singatsegule.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani