Veronika kusukulu, Tisauke kuchipatala

Alongo anga okondedwa,

Mukukumbukira muja ndinadwala chikuku, inu n'kumandilembera zilembo pansi ndi kamtengo kuti anzanga asandisiye? Masiku ano kamtengo kaja sikachoka m'mutu mwanga.

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno kwa Nkomeshya tadzuka, koma mwana wanu Tisauke akadali m'chipatala ku Lusaka, mwendo unathyoka pangolo uja uli chipachikire.

Mayeso a Giredi 7 ayandikira. Aphunzitsi ake, a Tembo, ankamulembera maphunziro sabata iliyonse n'kupatsira dalaivala wa basi, koma mapepalawo ankangobwerera. Anesi ankati, "Kuno kulibe Veronika." Tsiku la ngozi lija, kalaliki analemba dzina limene amayi ake ankalira nalo, pomwe kusukulu amadziwa la ubatizo lokha.

Ahedi ataona mapepala akubwerera anati takana maphunziro, ndipo anamufufuta pa olemba mayeso. Ndinapita kukafotokoza, anandiloza kwa apampando a komiti ya sukulu. Awonso asanamve n'komwe za mwendo, anayamba kufunsa khadi langa la chipani. Ndayenda mpaka nsapato zatha, alongo! Mwanayo anandifunsa kuti, "Atate, nanga pamayeso nizankhala ndani?"

Mumutumizireko mapensulo, ndipo muzitipempherera. Mulungu akusungeni.

Dzulo anavomera kuti tikumane Lachisanu, ahedi, a Tembo ndi komiti. Ndinyamula makhadi onse, la ubatizo, la chipatala ndi la chipani, aone okha kuti mwanayu ndi mmodzi.

Ine mlongo wanu,
Yosefe