Aphungu Akubwera, Pakani Penti

Lolemba, 3 Malichi

Makina oziziritsa chipinda cha mitembo afa. Kale ankangokomoka, lero atisiyadi. A Sipanala, amisiri athu, anawagogoda, anawanyengerera, kenako anavula chipewa. Matupi asanu ndi limodzi pamatebulo, kunjaku dzuwa loswa mtengo. Akuti tikapirira kwambiri ndi masabata atatu. Akawonongeka tikawaika m'manda, ndipo ophunzira anga a chaka chachiwiri adzadziwira munthu pa zithunzi ngati ana a pulayimale. Zaka khumi ndi zinayi ndikuphunzitsa ziwalo za thupi. Sindinkadziwa kuti ndidzalira maliro a filiji.

Lachitatu, 5 Malichi

Kalata. Kagulu ka aphungu a Nyumba ya Malamulo, kamene kanadzipatsa kokha ntchito yolankhulira sukulu za udokotala, kabwera Lachisanu la sabata yamawa kudzaona mavuto athu bajeti isanakambidwe. A zipani zonse. Akuti pa nkhani ya matenda sakangana, poti shuga sasankha chipani.

Ndinakondwa mpaka nthawi ya msonkhano. A Palibevuto, mkulu wa sukulu yathu, anati: "Mlendo saonetsedwa kuseri kwa nyumba." Alamula penti, zidebe makumi awiri. Ndinafunsa ngati penti imaziziritsa. Analemba dzina langa pakapepala.

M'kaguluko muli alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Munthu woopa ngakhale nkhuku yozinga. Pamaliro amakhala kufupi ndi galimoto yawo.

Loweruka, 8 Malichi

Alamu anabwera kudzamwa tiyi. Ndinayamba za makina. Nditangotchula mitembo anaika kapu pansi, nkuyamba kuyamikira makatani. Potsazika anati: "Alamu, mapepala timalandira ambiri. Ife timamenyera chimene taona ndi maso."

Mayi a kunyumba anandiona ndikumwetulira. Andichenjeza kuti ndikangowachititsa manyazi achimwene awo ndikadye kusukulu komweko.

Lachiwiri, 11 Malichi

Sukulu yonse mbee. Apaka makoma, miyala, ngakhale mitengo mpaka m'chiuno. Mamaikolosikopu khumi abwerekedwa kuchipatala cha eni, abwezedwa Lachisanu madzulo. Mafupa athu ophunzitsira, amene ana amawatchula kuti Achimwene, akhala opanda mkono umodzi kuyambira ndili wophunzira. Lero awabwerekera wina kusukulu ya anamwino. Wamanzere. Tsopano ali ndi amanzere awiri. Ndinauza a Palibevuto, anati aphungu sawerenga zala.

Chitseko cha chipinda cha mitembo, kumapeto kwa khonde, achipakanso, atsekerapo kabati ndi maluwa a m'chitini. Pansi ajambula mivi yolondolera alendo, yonse yoloza kwina.

Ndinalowera kukhomo la kuseri. Ophunzira akusinthana kunyamula madzi oundana m'mabeseni, palibe anawatuma. Patebulo lachinayi pali mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, amene anadzipereka yekha. Kalata yake tinaimata pakhoma: "Ndaphunzitsa ndili moyo, ana aphunzirebe pa ine." Ndinaiwerenganso. Nthabwala zinandithera.

Lachisanu, 14 Malichi

Anabwera asanu ndi anayi, galimoto khumi ndi ziwiri. Anatsata mivi ngati nyerere. Anasuzumira m'mamaikolosikopu opanda kanthu pansi pake, nkugwedeza mitu. Wina anapatsa Achimwene moni wa dzanja kuti amujambule. Mayi wapampando wa kaguluko anati anamva kuti tikuvutika, koma apeza pooneka bwino kuposa maofesi awo. A Palibevuto mano onse pamtunda. Ine ndinaona bajeti yathu ikukwera basi kupita kwina.

Kenako zoziziritsa kukhosi. Alamu anamwa mabotolo atatu. Anandikodola, nkundinong'oneza kuti kodzithandizira ndi kuti.

Mulungu andikhululukire. Ndinati kumapeto kwa khonde, kuseri kwa maluwa. Zinangochitika kuti a Sipanala anali atasuntha kabati ija kuti asese.

Alamu anatuluka chobwerera m'mbuyo, osakuwa, osagwa, akungoloza ndi chala. Fungo linawatsatira mpaka pakhonde. Anzawo anathamangira konko, a Palibevuto pambuyo akufotokoza kuti ndi nkhokwe chabe. Ambiri anathera pakhomo. Mayi wapampando analowa, mpango pamphuno, anakhalamo mphindi khumi. Anawerenga kalata ya pakhoma. Anafunsa mtsikana wina amene anali ndi beseni kuti wayamba liti ntchito imeneyi. Atamva, anatulutsa kabuku kawo, osati ka mlembi, nkulemba okha.

Loweruka, 15 Malichi

Kalata yondichenjeza, yamasamba awiri: kusocheretsa mlendo wolemekezeka. Kunyumba tiyi wopanda shuga, moni wopanda dzina. Alamu sakuyankha foni.

Lachitatu, 19 Malichi

Awiri tawaika lero. Ophunzira ananyamula okha. Aphungu zii.

Lachinayi, 27 Malichi

Wailesi m'ofesi ya a Sipanala, tonse titaunjikana. Alamu anaimirira m'Nyumba. Akuti iwo sanakhutire ndi penti, anachoka dala pagulu nkukatsegula okha chitseko chobisika, mopanda mantha. Ndinatsamwa malovu. Koma atafika pa mphunzitsi wa patebulo lachinayi mawu ananjenjemera zenizeni, ndipo mbali zonse ziwiri, ya boma ndi yotsutsa, zinamenya matebulo kuvomereza. Nduna yalonjeza makina. Pakadali pano chipatala chachikulu chalamulidwa kutisungira anayi otsalawo. Mphunzitsi wa masamu abwereranso m'kalasi.

Mayi a kunyumba akuti ankadziwa kale kuti achimwene awo ndi olimba mtima. Shuga wabwerera m'tiyi.

Lolemba, 7 Epulo

Makina sanafike, koma anabwera anthu kudzayeza khoma. A Sipanala akuti kuyeza ndi chiyambi cha nzeru.

A Palibevuto anandiitana. Mpando, tiyi, "adokotala" kawiri. Kagulu kena ka aphungu, koona za zomangamanga, kabwera pa 18. Ndaikidwa kukhala wapampando wa komiti yolandira alendo. Achimwene achotsedwe mkono wobwereka uja, ndowa zimene tinabisa zibwerere pansi pa denga lathu lodontha, ngakhale mvula kulibe. Atatseka chitseko anandifunsa motsitsa mawu ngati penti yatsopano imatheka kupalidwa m'masiku khumi.

A Sipanala apita kukagula sandipepa.