Galimoto ya Mkamwini Imagona pa Golomoti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma kutentha kokhaku.

Galimoto ija munatithandiza kugula yafika. Paja tinagwirizana kuti ikhale pikiapu yakale, yoti izinyamula matumba a mpunga ndi odwala. Koma mkamwini wathu a Gelevazio, amuna ake a mwana wanga Felesita, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi chigalimoto chakuda chonyezimira, chamipando yoyera. Akuti pikiapu ndi ya ogulitsa makala. Iwo amene anafika pamudzi pano ndi njinga yobwereka!

Chinthucho n'chachifupi, mimba imakhula pansi. Tsiku loyamba lomwelo chinatitimira mumchenga pakhwawa paja, mpaka tinachikoka ndi ng'ombe. Pano chimagona pa Golomoti, kwa mnzawo. M'mawa uliwonse bwanawo amakwera kabaza kukachipukuta, kenako n'kukhalamo kuti anthu apamsika awaone. Amayi atapempha kuti akawasiye kutchalitchi, anauzidwa kuti ayambe asamba m'mapazi.

Felesita ndi woyembekezera, ndipo masiku ake agwera m'nyengo yamvula, khwawa litadzaza. Zomwe zinatichitikira panjira yakuchipatala ulendo watha uja, ali ndi pakati pena paja, mukuzidziwa, sindizilemba. Nditafunsa amuna akewo kuti tidzafika bwanji kuchipatala ku Mua, anandifunsa ngati ndili ndi pulasitiki yodzayala pampando.

Inu ndinu mwini mbumba, muwaimbire foni. Ine ndalankhula kale ndi mwini ngolo, ndipo iyeyo za pulasitiki sanafunse.

Ndine mlongo wanu,
Esnati