Dzina limene ndinasunga m'chifuwa

Kabwata, Lusaka
12 Juni 1978

Wokondedwa Perpetua,

Uli bwanji uko ku Ndola, iwe ndi amuna ako ba Kalaba ndi tiana? Ine ndilipo, koma chifuwa chija chakana mankhwala. Dzanja ili ndi la ba Chisenga akatekisiti, pakamwa ndi panga. Akuti ndifupikitse, pepala ndi limodzi. Andidziwa.

Sondo yatha a Bambo Mfumu anatisimbila za papa wina wa ku Roma wakalekale, nthawi ya akavalo. Akuti anasankha makadinala, akuluakulu aja ovala zofiila omuthandiza. Ena anawatchula poyela, nawapatsa zisoti. Koma mmodzi anamusunga m'chifuwa, osatchula dzina, poopa mafumu aukali. Papayo anamwalila asanatsegule pakamwa. Munthu uja atapita kukapempha chisoti chake, anzake anati umboni palibe, bwelela.

Anthu anaseka. Anzanga ba Nkandu anati ngakhale ku Chipani mipando imatayika motelo. Ine sindinaseke. Ndinayenda mpaka ku msika wa Kamwala osadziwa chimene ndikukagula.

Perpetua, unalowa m'nyumba mwanga uli kumsana kwa amako Eness, mano asanamele. Atate ako okubala sindinawaonepo. Unakulila pansi pa makina anga osokela, kumanditolela mabatani, ena kumeza. Koma pa ukwati wako, alongo anga atanena kuti Ezekiel ali ndi ana atatu okha, uyu ndi wobwela naye, ine ndinangoyang'ana nsapato zanga. Unandiona. Chichokele tsiku lija umandilembela kuti "ba Ezekiel", ndipo sindikuimba mlandu.

Ndinkati poti mumtima ndikudziwa, zakwana. Amako anapita akudikilabe kuti ndilankhule.

Tsono ndaitana onse, alongo anga ndi abale ako atatu, Sondo yoyamba ya Julayi, masana, pano pakhomo. Ndidzaimilila ndi kuwelenga ana anga kuyambila woyamba. Woyambayo ndiwe. Kwela basi, chonde. Ukakana sindidzakwiya, ndidzatchulabe, ba Chisenga akhale mboni. Koma ndikufuna makutu ako akhalepo mpweya ndikadali nawo.

Chisoti ndilibe. Ndakusokela duku lofiila. Mizele yakhota poti maso atha, usandiseke.

Undipatsile moni ba Kalaba, ndipo tiana utiuze kuti agogo nthano sizinawathele. Ambuye akusunge panjila.

Ba Chisenga akufunsa ngati pansi apa alembe "ba Ezekiel". Ndati iyayi.

Ndine,
Atate ako