Mfuti Yachete ya Adadi

Loweruka, 10 Ogasiti

Masiku 84 chibwerereni kuno ndi digiri yanga. Chimanga uku, chimanga uko, sitima katatu patsiku. Kampani ya ku mzinda wa Denver yayankha: ntchito ndi yanga, ndivomere pofika Lachisanu pa 23. Kalatayo ndaiwerenga kasanu nditadzitsekera m'bafa. Adadi sindinawauze. Ndikudikira tsiku labwino.

Lero silinali labwino. Mayi Odell a nyumba yoyandikana nafe anabwera pampanda ndi zovala zogonera, masana dzuwa likuswa mtengo. Amagwira ntchito usiku kuchipatala. Akuti, "A Dwayne, mukangowomberanso ine ndisanadzuke, ndidzakubayani jakisoni wa ng'ombe." Adadi kuseka. Ati mfuti yawo ya volovolo ndi yachete, zipolopolo zake analemba pabokosi kuti sizisokosa.

Yachete kuti. Mawindo a kuchipinda kwanga amachita kunjenjemera.

Lolemba, 12 Ogasiti

Ndabwereka kamfuti ka mpweya kwa abwana anga kusitolo ya zitsulo komwe ndikugwira ganyu. Ndithetse nkhaniyi ndisanachoke, ndiwasiye anthu awiriwa akupatsana moni.

Faifi koloko, Mayi Odell atadzuka. Foni pamtengo wa mpanda, iyeze phokoso. Chandamale ndi chija cha masiku onse, mbale yachitsulo yolendewera kutsogolo kwa chulu cha dothi.

Volovolo: yolemera bwino m'manja, sigonjera mphepo, utsi wake umandikumbutsa ubwana. Koma foni yakwera mpaka pofiira. Volovolo singakhale chete, ndawafotokozera. Pakati pa kang'oma ka zipolopolo ndi mpope pali kampata, phokoso limathawira pamenepo. Za pabokosi zija anayesera mumfuti yaitali.

Ka mpweya: kupopa kamodzi, kachaka kamodzi ka mtovu, kupopanso. Kotopetsa. Mphepo ikangoti pang'ono kachaka kapatuka. Koma kumpanda foni sinagwedezeke kwenikweni.

Adadi: "A Injiniya, zaka zinayi ku yunivesite kuti mudzandiphunzitse kampata?" Kamfutiko akatcha kuyetsemula kwa mphaka. Kenako ati zonse ziwiri phokoso n'chimodzimodzi, ine ndangokonda manambala.

Chimodzimodzi. Ndinawayang'ana kuti mwina akuseleula. Ayi.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Adadi avomera kuyesa okha kamfuti kaja. Dzanja lawo likadali lija, silinjenjemera. Kuwombera koyamba, mbale yalira ngwee. Iwo maso pambale. Kenako, "Ndaphonya?" Kachiwiri ngwee. "Kachidole aka n'kokhota." Kasanu amenya, kasanu atukwana kamfuti.

Ndipamene ndinazindikira. Chipolopolo cha volovolo chimakankha mbale, imagwedezeka, amaona. Kachaka n'kopepuka, mbale imangolira osasuntha. Zaka zonsezi akhala akuwombera ndi maso okha.

Ndinati mwamenya konse. Ati ndisawanyengerere ngati mwana.



Lachinayi, 15 Ogasiti

Tsiku lonse kuwazonda bambo anga m'nyumba mwawo momwe. Uvuni walira kuti mkate wapsa, iwo ali pomwepo ndi nyuzipepala. Ndawaitana ndili kumbuyo kwawo, kawiri. Kachitatu ndakuwa. "Ukukuwiranji, ndili pano."

Ndimayesa wailesi amakweza chifukwa m'nyumba munazizira chimwalirireni amama.

Sukulu akutsegulira Lachitatu. Basi yachikasu imene adadi amayendetsa yabwera kale, ili panja, aitsuka kawiri. Ana 31. Ndawafunsa za kuyezedwa makutu kwa oyendetsa mabasi. Ati anakhoza chaka chatha. Dokotala amaima kumbuyo n'kunong'ona, ndipo chaka ndi chaka amanong'ona zomwezo: seveni, galu, mbatata. Ananena monyadira, akuseka.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Titachoka kutchalitchi ndinapita ndekha pomwe msewu wa basi umadumpha njanji, kupitirira nkhokwe za tirigu. Palibe chotchinga, palibe magetsi, kachikwangwani basi. Chimanga chatalika kuposa galimoto mbali zonse. Njanji umaiona ukafika pamphuno pake. Lamulo la basi ya sukulu ndimalidziwa chiyambire ndili kamwana pampando wa kuseri kwa adadi: ima, tsegula chitseko, tontholetsa ana, mvetsera.

Mvetsera.

Madzulo tili pakhonde sitima inaliza hutala kutali, kanayi. Galu wa Mayi Odell anayankha. Patapita kanthawi adadi anayang'ana wotchi. "Ya foro koloko yachedwa lero."

Ndili ndi zaka 23. Ndinaphunzira kumanga milatho. Ndikufuna nyumba ya pamwamba, msewu wosagona, anthu osadziwa kuti ndine mwana wa ndani. Kodi n'zambiri zimenezi?

Lolemba, 19 Ogasiti

Ndawauza adadi, akupukuta volovolo patebulo. Ndinakhala kutsogolo kwawo kuti aone milomo. Mbale, uvuni, sitima, zonse. Anamaliza kupukuta, kuitsekera m'kabati yachitsulo, kubwerera. "Zaka 26, palibe mwana anakalikako ngakhale chala. Maso ndili nawo." Ndinati chimanga chilibe mawindo.

Timakina tothandiza kumva ati n'ta nkhalamba. Ndinaimbabe foni kuchipatala cha m'tauni yaikulu iwo ali pomwepo. Malo alipo pa 9 Okutobala.

Ndinati ndikanena kwa a Pruitt, oyang'anira mabasi. Ati kanene. A Pruitt nawonso akuyendetsa basi chifukwa oyendetsa kulibe, chikwangwani chofuna anthu chakhala pampanda wa sukulu zaka zitatu. "Ukandichotsa, ana a kumafamu akwera iwe?"

Za Denver zinangotuluka ndi ukali, osati momwe ndinakonzera.  "Ndiye pitatu, mwanawe. Wakumanga ndani?"

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Sitikuyankhulana. Ndalembera a ku Denver kupempha ndiyambe pakati pa Okutobala. Ayankha lisanathe ola, mwaulemu kwambiri. Tsiku ndi 3 Seputembala, ena akudikira.

Kawiri ndaimika galimoto pa ofesi ya a Pruitt. Kawiri ndabwerera. Adadi akawachotsa pabasi, atsala ndi chiyani? Mpando, wailesi, chulu cha dothi.

Mayi Odell andipatsa mabanzi a maula pampanda, kuthokoza kuti agona bwino sabata ino. "Ndiwe mngelo, Brynn. Usadzachoke."

Lachitatu, 21 Ogasiti

Sikisi koloko ndinangokwera basi, osapempha. Adadi osafunsa. Mpando wa kuseri kwawo, mawondo kugunda chitsulo.

Ana amawakonda, ndinali nditaiwala. Aliyense amamudziwa dzina, ndi dzina la galu wake.

Panjanji anaima. Chitseko, dzanja m'mwamba, ana zii. Anayang'ana kumanzere, kumanja. Basi osanyamuka. Nditakweza maso ndinapeza akundiyang'ana pagalasi lalikulu lija. Motsitsa, kuti ana asamve, "Brynn, ukumva chiyani?"

Ndinamvetsera mpaka m'makutu kuwawa. Mphepo m'chimanga. Ndinapukusa mutu, tinawoloka. Khosi lawo linali litafiira.

Masana panjanji pomwepo, chimodzimodzi. Madzulo ndapeza kajekete kachikasu pabedi langa. Awauza a Pruitt kuti mwana wawo azithandiza kuyang'anira ana mpaka Okutobala. A Pruitt akondwa kwabasi. Za makutu sanatchule. Pa 9 Okutobala alembapo okha pakalendala ya kukhitchini, ndi pensulo.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Dzulo m'mawa ndinaimva sitima. Kutali, kumadzulo. Ndinawagwira phewa. Tinadikira, mphindi yathunthu kulibe kanthu, ana ayamba kudandaula, kenako inatulukira m'chimanga, mabogi oposa zana. Adadi manja pachiwongolero, osatembenuka.  Pofika kunyumba, "Wadya?"

Denver akufuna yankho isanakwane faifi koloko. Tsopano 2:20. Makalata awiri ndalemba, onse akuyamba ndi kuthokoza. Wovomera ndi wautali, wokana mizere itatu. Ndikatumiza wovomera, ndiyenera kudutsa kwa a Pruitt lero lomwe kukawauza za makutu, apo ayi pa 3 Seputembala pampando paja padzakhala popanda munthu womvetsera sitima.

Adadi aliza injini panja. Ana akuweruka 3:10. Foni ndiitenga, ndikatumizira m'basi, tikangowoloka njanji.