Tinamuika Filipo Popanda Nyimbo

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kapena kumeneko anthu sadzuka, poti amati kulibe usiku. Ine kuno ndilipo, Dorika wanu, miyendo ndi yomwe ija yotupa mwera ukayamba. Patha masabata atatu ndikunena kuti ndikulemberani, koma ndikagwira cholembera ndimachiikanso pansi. Lero ndati zivute zitani, nkhaniyi muimve kwa ine mwiniwake.

Ndiyambe ndi zopepuka, monga munkachitira inu mukabwera ndi uthenga wolemera. Mdzukulu wanu Lute anabereka mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Watenga mphumi yanu ndi ukali womwe, akalira mudzi wonse umadziwa. Mpunga wa kudambo tapeza wochepa, madzi anakhalitsa mpaka theka la munda linawola. Chimanga ndiye musafunse, feteleza tinangomuonera m'sitolo. Usipa ndikugulitsabe pa Khombedza, pamalo panu pomwe paja pafupi ndi pokwerera minibasi, ngakhale masiku ano asodzi akubwera nawo wongokwana m'manja. Mbuzi yanu yamawanga ija inafa ndi ukalamba, yasiya ana awiri.

Tsono nkhani ndi iyi. Filipo wamwalira, Amayi. Mzime wanu, mlongo wanga mmodzi yekhayo. Impso zinamuvutitsa miyezi isanu, thupi lonse kutupa mpaka nsapato kukana. Tamuika pambali panu, m'munsi mwa bwemba uja. Koma tamuika popanda nyimbo, popanda pemphero la mpingo. Chimene chikundidya mumtima n'chakuti mawu amodzi okha ochokera pakamwa panga akadasintha zonsezo, ndipo ine ndinakana kuwanena. Ndikufuna mundiweruze inu, poti kuno andiweruza kale.

Inu munamusiya Filipo akupita kutchalitchi, ngakhale ankakhala benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo. Titakuikani, anasiya. Poyamba tinkati ndi chisoni chabe, chimutha. Kenaka anayamba kunena poyera, pamaso pa ana ake, kuti Mulungu kulibe. Mphunzitsi wathunthu, munthu woti ana a anthu amamumvera! Akulu a mpingo anamuyendera katatu. Ulendo wachitatu anawapatsa mipando, anawafululira tiyi, n'kuwauza mwaulemu kuti afufute dzina lake, asamadzivute ndi ulendo. Anafufutadi.

Ine pakamwa panga mumapadziwa. Sindinamusiye. Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi ndinkadzera kunyumba kwake, duku loyera lili kumutu, n'kukhala pakhonde. Iye akandiona ankaseka, "Afika alaliki, tiyeni tiyambe." Ankati, "Achemwali, chipembedzo chanucho chinabwera ndi azungu." Ine ndinkati, "Nanga magalasi ali m'maso mwakowo anasula ndi agogo ako? Bwanji ukuonera? Chinthu chikakhala choona, zilibe kanthu kuti wabwera nacho ndani." Ankati, "Mukadabadwira ku Chipoka bwenzi mukuswali kumzikiti ngati apongozi anga, n'kumalumbira kuti choona n'chimenecho." Koma ndinkamuyankha kuti ngakhale a ku Chipokawo sanena kuti kumwamba kulibe mwini, iye yekha ndiye wadzisandutsa wamasiye mwadala.

Mkazi wake Asiyatu, mlamu wanga, naye tinkakangana, koma mwamtendere, uku tikupeta mpunga. Iye ankati Yesu anali mneneri wolemekezeka, basi, ndipo sanafe pamtanda. Ine ndinkati, "Alamu, mneneri angathe kundilozera njira. Koma ine ndi machimo angawa, ndi pakamwa pangapa, kulozeredwa njira sikundikwanira. Ndikufuna woti andibereke kumsana." Ankangopukusa mutu n'kundithirira mpunga wina m'lichero.

Pamene Filipo ankandilasa ndi pamene ankatchula inu. Ankati, "Amayi anasesa m'tchalitchi chija moyo wawo wonse. Anafa bwanji? Anafa akubuula. Mulungu wawoyo anali kuti?" Ine ndinamuuza kuti ndinalipo tsiku limenelo, munabuuladi, koma pakati pa kubuulako munkamuitana Iye, ndipo munthu sangagogode zaka zonsezo pakhomo pa nyumba yopanda anthu. Iye anangoti, "Amagogoda, achemwali. Anthu amagogoda." Tsiku limenelo ndinapita kwathu osatsanzika.

Atadwala ndinamudwazika ndine, tikusinthana ndi Asiyatu. Tsiku lomaliza, dzuwa lili paliwombo, Asiyatu anatuluka kukachapa nsalu kumpopi wa chipatala. Tinatsala awiri. Ndinaona mpweya wake kuti wasintha, ndinagwada pambali pa bedi. Ndinati, "Filipo, mwana wa mayi anga, ndipemphere nawe. Ungonena kuti ame, basi." Anandiyang'ana. Kenaka anati, "Achemwali, pempherani ngati kukuthandizani inuyo. Ine sindinasinthe. Ndinyowetseni milomo." Ndinaviika kansalu m'kapu, ndinamunyowetsa. Asiyatu pobwera anapeza watsirizika.

Tinabwera naye kumudzi kuno. Abale a Asiyatu anafika kuchokera ku Chipoka pamodzi ndi ashehe awo, anabweretsa mpunga ndi nsomba, anakhala nafe pansi monga anthu. Ashehewo ananena mosabisa kuti mkamwini wawo sanalowe Chisilamu, ndiye sangamusambitse kapena kumuswalira. Sindiwadandaula, ananena zoona. Akulu a mpingo nawo anafika, anapepesa, koma anakhala chapatali. Lamulo mukulidziwa, munkaliteteza inu nomwe: wodzichotsa yekha mu mpingo, mpingo sumuimbira.

Ndiye anadzuka alongo anu, amalume a Sandalamu. Amayi, apa ndikufunseni, kodi munkadziwa? Akuti chaka chija munagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri, Filipo ali kamnyamata, iwo anamutengera kudambwe n'kumulowetsa gule inu osadziwa. Ananena pagulu, "Ameneyu ndi wathu. Ngati a mpingo amukana, a mzikiti amukana, zilombo zimuvinira. Munthu si galu." Inu amene munkathamangitsa ng'oma pabwalo pano ndi chipande m'manja! Komanso Filipo ankaseka gule monga ankasekera ife. Ndinakagona chopingasa pakhomo pa siwa, ndinati, "Amalume, ng'oma ikalira pano muyambe mwandiika ine." Iwo anati, "Chabwino. Ndiye abwere a mpingo wakowo aimbe. Ndikupatsa mpaka adzukulu atsirize kukumba."

Apo m'pamene a Mbewe, mkulu wa mpingo uja munkaimba naye kwaya, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Akalamba, akuyendera ndodo. Analankhula motsitsa mawu. Anati, "Anaphiri, amene munali pambali pake ndinu. Wachifwamba uja wa pamtanda anatembenuka mpweya uli pakhosi. Mukangotiuza kuti mlongo wanu analapa, ife sitifunsa zambiri. Taonani uko." Ndinayang'ana kumene analoza. Pansi pa mango a kumsewu panali amayi anzanga a mpingo, onse atavala kale zoyera, mabuku a nyimbo ali pamiyendo, akungodikira mawu anga.

Amayi, ndinafuna. Mulungu ndi mboni, ndinafuna. Panalibe wina anamva zimene Filipo ananena m'chipatala muja. Ndikadangoti "analapa," bwenzi atanyamulidwa ndi nyimbo ngati inu, amalume atakhala chete, ana ake atayenda mutu uli m'mwamba. Lilime linafika pokonzeka. Koma ndinakumbukira zimene munkandiuza tikamalongedza madengu m'mawa, kuti nsomba yowola ungaibise pansi pa dengu wogula osaona, koma Mulungu amayambira pansipo kuyang'ana. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuuza Filipo kuti Mulungu alipo, amamva, amaona. Ndikadanama pamaliro ake, ndiye kuti ndavomera kuti iye ankanena zoona, kuti kumwambako kulibe womva, tingathe kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe n'kutha. Ndipo mwanayo sanandinamize ine ngakhale imfa itamugwira pakhosi, pamene bodza laling'ono likadandisangalatsa. Ine ndimunamizire atagona m'bokosi?

Ndinati, "Sanalape, abambo. Ndinamupempha, anakana." A Mbewe anaweramitsa mutu. Anati, "Mwanena zoona, mwana wanga," koma misozi inali m'maso. Anapita pansi pa mango paja. Ndinaona amayi aja akuvula maduku oyera mmodzimmodzi, kuwapinda, kuika m'zikwama pamodzi ndi mabuku, n'kumanga zitenje wamba. Sanachoke, ayi. Anabwera ngati anansi, anatunga madzi, anaphikira adzukulu, analira nafe. Kuimba kokha ndiko sanaimbe.

Amalume ataona kuti ndabwerera pakhomo paja ndipo Asiyatu wadzagona pambali panga, naye akukana ng'oma, analavula pansi. Anati, "Zako izo. Mutaye wekha m'bale wakoyo." Anakakhala pachitsa, sanapite kumanda.

Sindinaonepo ulendo wa kumanda wotere. Anthu anali ambiri, aphunzitsi anzake, makolo a ana amene anawaphunzitsa, koma kunangomveka mapazi. Bokosi likamalira pamapewa a adzukulu tinkalimva. Minibasi ikuimba hutala kumsewu tinkaimva. Pofika pamanda panalibe woti atsegule ndi pemphero, anthu anangoyang'anana, mpaka mkulu wa adzukulu anati, "Tiyeni titsitse." Amayi, ine ndaika anthu ambiri, koma sindinkadziwa kuti dothi likamagwera pabokosi limamveka chonchija. Masiku onse nyimbo ndi zimene zimatibisira. Kamwana kakang'ono ka Filipo kanatseka makutu ndi manja. Ine ndinapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera, ndipo sindikukumbukira chimene ndinanena.

Tsopano m'mudzi muno ndine mfiti. Akuti Dorika anaumira mtima mlongo wake, mawu amodzi okha anamukaniza. Pamsika ena amene ankagula kwa ine akudutsa ngati sakundiona. Amalume sakuyankha moni wanga. Asiyatu wabwerera ku Chipoka ndi ana, potsanzika anandigwira dzanja koma sanandiyang'ane kumaso. Abusa anabwera kudzandiuza kuti ndinaima pa choonadi. Ndinawathokoza, koma mawu awowo sanandifunditse. Inu munkati chibale ndi fupa, sichiwola. Changa sichinawole, chikungondibaya.

Chimene sindinauze munthu aliyense n'ichi. Zaka zonsezi ndinkafuna kumugonjetsa Filipo pa mkangano wathu uja. Koma lero taonani. Ngati iye ankanena zoona, ndiye kuti inu kulibe, kalata ino ndikulembera chiswe cha pansi pa bwemba. Ngati ndinkanena zoona ndine, ndiye kuti mwana wanu ali kuti? Ine ndikukhulupirirabe, Amayi, sindinasunthe. Ndikudziwa kuti Yesu anauka, ndikudziwa kuti muli kwa Iye. Koma kupambana kwake ngati n'kumeneku, kukuwawa kuposa kugonja.

Ndipo pali china chimene muyenera kudziwa musanandiweruze. Lamulungu lomaliza asanayambe kudwala, anandiseka kwambiri pamaso pa anzake, mtima unandikwera. Ndinaimirira pakhonde pake, duku loyera lili kumutu, ndinamuloza chala. Ndinati, "Udzapsa iwe, ndipo ine ndidzakhala ndikuonerera." Kuseka kunatha. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye chikondi chakecho chimenecho, achemwali?" Sindinamupepese. M'chipatala monse muja, miyezi isanu ndikumusambitsa, ndinkati ndipepesa mawa.

Ndikudziwa akulu a mpingo amaphunzitsa kuti akufa satumidwa, ndipo akamva izi andiitanitsa. Koma ndinu mayi anga, ndilibe kwina kolirira. Ngati kumeneko mumaloledwa kuyandikira kwa Ambuye n'kulankhula, kagwadeni. Musakanene kuti analapa, musakaname, nanenso sindinaname. Mukangonena kuti mwanayu za Ambuye ankazimvera kwa mlongo wake, ndipo mlongo wakeyo ankazinena ndi ukali, chala chili m'maso. Mukanene kuti chifundo chimene timaimba chija iye sanachione pankhope panga. Ngati pali chikwapu, chiyambire pamsana panga.

Ndimakukondani, Amayi, lero kuposa kale. Ndikulonjeza kuti chikhulupiriro munandisiyira sindichitaya, ndipo dzina la Filipo sindisiya kulitchula pamaso pa Mulungu mpaka nditamva yankho ndi makutu anga.

Ndine mwana wanu wotsala yekha,
Dorika